Kuda ndi kulemera sikokwanira: mmene timazindikirira mwala wogwa kumwamba

Miyala yambiri imene anthu amandibweretsera ataikulunga m'nsalu, n'kumati yagwa kumwamba, imakhala ya pansi pompano. Akaona kuti ndi wakuda, ngolemera, maginito akumata, basi atsimikiza. Komatu mwala wa magnetite, womwe ndi mtapo wa chitsulo wa pansi pompano, umachita zonsezi, chimodzimodzinso zotsalira za m'ng'anjo zimene makolo athu ankasungunuliramo chitsulo.

Ine ndimayamba ndi khungu. Meteorite, kutanthauza mwala wogwa kumwamba, imalowa mumpweya wa dziko lathu pa liwiro loposa makilomita 11 pa sekondi, ndiye kunja kwake kumasungunuka, kenako n'kuuma kukhala kachikopa kakuda kopyapyala, ngati milimita imodzi. Pamene pabenthuka mumaona m'kati motuwa ngati simenti. Kuda kuli pamwamba pokha, ngati chinangwa chootcha. Ina imakhala ndi timaenje tosalala, ngati momwe woumba mbiya amadindira chala chachikulu padongo. Koma mukaona tizibowo tambirimbiri ngati thovu louma, ingousiyani. Umenewo ngwa m'ng'anjo kapena wa chiphalaphala.

Kenako timapala pakona ndi tupa, ndipo apa m'pamene mtundu umadziwika. Mukaona timibulu tozungulira ngati njere za mawere, ndi timadontho ta chitsulo tonyezimira, ndiye chondrite. Pa miyala 10 iliyonse imene imaoneka ikugwa, yoposa 8 ndi ya mtunduwu. Wa makilogalamu 93 womwe udagwa ku Machinga mu 1981 ndi wotere, komanso wa ku Zomba wa mu 1899. Kungoti mwa iwiriyi timibuluti tidafufutika ndi kutentha kalekale, choncho pamafunika galasi lokuzira ndi kudekha.

Ya chitsulo chokhachokha sivuta, dzanja limakuuzani: imalemera kuposa kawiri mwala wamba wofanana nayo kukula. Wa ku Chisenga wa mu 1988 ndi wa gulu limeneli, pamodzi ndi Mbozi wa ku Tanzania ndi Hoba wa ku Namibia, wolemera matani pafupifupi 60. Yambiri, akaidula n'kuipaka asidi, imatulutsa mizere yolukana ngati dengu, yotchedwa Widmanstätten. Palinso pallasite, yosowa kwambiri, momwe timiyala tobiriwira ta olivine timakhala m'kati mwa chitsulo.

Maso amafika pomwepa. Chotsimikizira ndi kuyeza kuchuluka kwa chitsulo chotchedwa nickel m'mwalamo. Mukatola mwala wotere musautsuke, chifukwa umachita dzimbiri, musauswenso ndi hamala. Lembani malo ndi tsiku, muuike m'pepala louma, mupite nawo ku ofesi ya boma yofufuza za miyala, ya Geological Survey, ku Zomba.