Agogo oiwalaiwala nawonso amamva ululu

Matenda a dementia, omwe ambiri timangoti ndi kuiwalaiwala kwa ukalamba, amawononga ubongo pang'onopang'ono koma sachotsa ululu. Pafupifupi theka la anthu odwala matendawa amamva kuwawa kawirikawiri. Chomwe chimawasowa ndi mawu oti anenere. Mukafunsa kuti "Agogo, mwadzuka bwanji?" angayankhe kuti "Ndadzuka bwino," chonsecho dzino lawagoneka m'maso.

Ululu wambiri umachokera ku nyamakazi ya m'mawondo ndi msana, makamaka kwa amene akalamba ndi khasu kudimba ndi m'minda ya thonje. Palinso mano obooka, fupa losweka atagwa, ndi zilonda zogonera mbali imodzi pamphasa. Kuno ku Chikwawa ndi Nsanje tili ndi vuto linanso: kutentha kwa mu October ndi November. Munthu woiwala saitanitsa madzi. Thupi likauma amadzimbidwa, ndipo matenda a m'chikhodzodzo savuta kumugwira.

Choncho musadikire kuti anene okha. Muziwayang'ana podzuka, poyenda ndi posamba. Kukwinya nkhope, kubuula, kugwiragwira malo amodzi, kukana nsima, kusagona usiku, kapena kukankha dzanja la amene akuwasambitsa, zonsezi zingakhale ululu. N'zomvetsa chisoni kuti m'midzi ina agogo obuula usiku amanenedwa ufiti. Si ufiti, ndi matenda.

Pa kafukufuku wa ku Norway yemwe anatuluka mu 2011, okalamba 352 a dementia anagawidwa m'magulu awiri. Gulu lomwe linkapatsidwa mankhwala a ululu tsiku lililonse, ambiri mwa iwo Panado chabe, linachepetsa ukali ndi kusakhazikika.

Komabe musangogula mapiritsi kugolosale. Brufen ndi diclofenac zingawononge m'mimba ndi impso za okalamba, ndipo Panado wochuluka amawononga chiwindi, makamaka kwa agogo owonda. Mlingo wake anene ndi adokotala. Uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, kapena pitani nawo kuchipatala cha pafupi, kaya ku Ngabu, Nchalo, Muona kapena kuboma. Apite nawo ndi amene amawasamalira tsiku ndi tsiku, poti ndiye akudziwa chomwe chasintha.

Kunyumba muziwamwetsa madzi pafupipafupi angakhale sanapemphe, ndipo ngati sadzuka muziwatembenuza pakatha maola awiri alionse. Akasokonezeka mwadzidzidzi, akatentha thupi kapena akalephera kuponda atagwa, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo.