Za sola si kukwera padenga kokha

Zotsatira za MSCE zikangotuluka, foni yanga siipuma. Makolo amafunsa kuti mwana wawo alowe kuti kuti aphunzire za sola. Ndikafunsa chomwe chamukoka mwanayo, ambiri amayankha zofanana: muli ndalama, aliyense akuika mapanelo masiku ano. Yankho limeneli landitopetsa, chifukwa ndaona komwe limathera.

Zaka zingapo zapitazo ndinali ndi wophunzira wanzeru ndithu, manja ake ogwira bwino pulayazi. Ali m'chaka chachiwiri anayamba kupeza maganyu oika sola m'nyumba za anthu, ndipo masamu anayamba kumuonekera ngati otaya nthawi. Anasiya sukulu. Patapita nthawi ndinaitanidwa kuchipatala china chaching'ono kumudzi, komwe magetsi a m'chipinda cha amayi oyembekezera ankazima nthawi isanakwane 10 koloko usiku. Mzamba anandionetsa momwe ankalumira foni pakamwa kuti tochi iwalitse pamene manja onse ali pa mayi wobereka. Nditatsegula bokosi ndinapeza batire la galimoto, lotupa m'mbali, litalumikizidwa ku panelo popanda charge controller (kachipangizo koteteza batire kuti lisadzaze mopyola muyeso), ndi timawaya towonda tomwe tinali titayamba kusungunuka. Nditafunsa yemwe anaika, ananditchulira dzina la mnyamata wanga uja. Mpaka lero zimandiwawa. Sanali wakuba, anangothawa tsamba limodzi la masamu.

Tsamba lake ndi losavuta. Babu la mawatsi 10 likayaka maola 6 ladya ma watt-hour 60 (mawatsi kuchulukitsa ndi maola). Muwerengere chilichonse chomwe chikhale pa magetsiwo, furiji ya katemera osaiwala, kuti mudziwe kukula kwa batire ndi mapanelo ofunika. Batire la mtovu silifuna kukhetsedwa kupitirira theka, ndipo la galimoto analipangira kulizira injini kwa masekondi ochepa, osati kuyatsa nyumba usiku wonse. Kenako mukumbukire chiperoni: mu June ndi July ku Thyolo kapena ku Mulanje dzuwa limatha kubisala masiku angapo. Woika sola amene sanakufunseni zinthu zomwe muzigwiritsa ntchito, wangoyang'ana denga n'kutchula mtengo, muthamangitseni. Mufunseninso chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za mphamvu m'dziko muno. Akayamba kuzungulira nkhani, musamupatse ngakhale tambala.

Wofuna uinjiniya wa mphamvu ayang'ane patali kuposa denga. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera mu mtsinje umodzi, Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu January 2022 namondwe wa Ana atagumula damu la Kapichira, tinataya mamegawati pafupifupi 130 kamodzin'kamodzi, ndipo mdima wake tinaumva kupitirira chaka. Matope ndi namasupuni zomwe zimatsamwitsa makina a EGENCO, kampani yopanga magetsi, zikugwirizana ndi mitengo yomwe tikuotcha makala kumtunda, chifukwa mabanja ambiri amaphikirabe nkhuni ndi makala. Ku Salima kuli mapanelo opanga mamegawati 60, ku Golomoti 20 pamodzi ndi mabatire akuluakulu. Koma mtambo ukadutsa mphamvu imatsika mwadzidzidzi, ndipo pamafunika munthu wodziwa kusunga magetsi a m'mawaya a ESCOM kuti akhale okhazikika. Mwana akandiuza kuti akufuna kumvetsa zimenezi, kapena kuti anakula akuwerenga ndi koloboyi ndipo safuna mng'ono wake adutsenso momwemo, ndimadziwa kuti chaka chachiwiri chikadzavuta apirira.

Sukulu zilipo: Mzuzu University imaphunzitsa za mphamvu zongowonjezereka, yunivesite ya MUBAS ili ndi uinjiniya wa zamagetsi, ndipo wofuna umisiri wa manja alowe m'makoleji a pansi pa TEVETA, ntchito yolemekezeka ndithu akaimaliza mpaka chiphaso.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kuchedwa. Makolo amandiimbira mwana atalemba kale mayeso, pamene nkhaniyi inatha ali Fomu 3, tsiku lomwe anasiya fizikisi chifukwa anzake amati ndi yovuta, ndipo kunyumba palibe amene anafunsa. Atsikana ndi omwe amakankhidwira kunja kwambiri pamenepa, nthawi zina ndi aphunzitsi omwe. Ngati mwana wanu ali Fomu 2 ndipo amakonda kumasula mawayilesi ndi matochi, pitani kusukulu teremu ino isanathe, mukaone makope ake a masamu ndi kulankhula ndi mphunzitsi wa sayansi.