Khansa ya m'kamwa ndi ya lilime: zimene odwala amafunsa zotsatira zikatuluka

Adokotala atsimikiza kuti ndi khansa. Chotsatira n'chiyani?

Amayamba ayeza kukula kwa chotupacho, kuzama kwake, ndiponso ngati chafalikira ku anabere a m'khosi. Apo ndi pamene amatchula gawo la matenda, kuyambira 1 mpaka 4. Gawo 1 ndi kachotupa kosapitirira masentimita 2, kosazama, komwe sikanafalikire kwina.

Kodi opaleshoni ndi yosapeweka?

Kwa ambiri, inde, ndipo ndiyo chithandizo chachikulu. Dokotala amadula chotupa pamodzi ndi mnofu wabwino wochizungulira, kuti pasatsale kanthu. Kawirikawiri amachotsanso anabere a m'khosi ngakhale asanatupe, chifukwa khansa ya lilime imakonda kubisala kumeneko. Mpeni ndi umene anthu amauopa kwambiri, ena mpaka kuzemba miyezi ingapo. N'zomveka, komatu kachotupa kamene lero kakufuna kudula kachigawo kochepa ka lilime, pakapita miyezi kangadzafune theka lake.

Nanga ndidzayankhulanso? Ndidzadya bwanji?

Akadula pang'ono, mawu amabwerera pafupifupi mwakale. Akadula kwambiri, amapachika mnofu wochokera pamkono kapena pantchafu. Ngati nsagwada yakhudzidwa, amagwiritsa ntchito fupa la mwendo. Masiku oyamba chakudya chimadzera pa chubu. Kenako munthu amaphunziranso kumeza ndi kutchula mawu, ndipo pamafunika kuleza mtima, kwa wodwala ndi kwa omusamalira omwe.

Akuti ndikawotchedwenso ndi makina. Bwanji, poti chotupa chachotsedwa?

Kuwotcha kumeneku amakutcha rediyeshoni, ndipo rediyeshoniyo imapha tizidutswa ta khansa tosaoneka ndi maso tomwe mwina tatsalira. Imaperekedwa masiku 5 pa sabata kwa masabata 6 kapena 7, ndipo ndi bwino kuyamba pasanadutse masabata 6 chichitireni opaleshoni. Khansa ikakhala yaukali, amaonjezera mankhwala a cisplatin. M'kamwa mumatuluka zilonda, malovu amauma, chakudya sichikoma. Osadumphitsa masiku. Ndipo kaonaneni ndi dokotala wa mano musanayambe: dzino lovunda lizulidwe kale, chifukwa nsagwada yowotchedwa imavuta kupola.

Kodi anthu amachira?

Amachira. Ziwerengero za ku United States zimasonyeza kuti khansa ya lilime ikapezeka isanafalikire, anthu oposa 8 mwa 10 amakhala ali moyo pakatha zaka 5. Ikafika ku ziwalo zakutali monga mapapo, osakwana theka ndiwo amafika pamenepo. Khansa ya kutsinde kwa lilime yoyambitsidwa ndi kachilombo ka HPV, kamene kamafala pogonana, imamva chithandizo kuposa yoyambitsidwa ndi fodya.

Ingabwererenso?

Ingathe, makamaka m'zaka 2 zoyambirira, n'chifukwa chake amakuitanani pafupipafupi nthawi imeneyo. Fodya, wosuta kapena wotafuna, ndi mowa zisiyeni. Chilonda chatsopano chikatha masabata 3 osapola, musadikire tsiku limene anakulemberani.