Anti-aliasing mu gemu: muyatse iti pa makina anuwo?

Ma laputopu ambiri amene anthu amandibweretsera kuno ku Lilongwe akudandaula kuti gemu ikudukizadukiza, ndikalowa mu settings ndimapeza zonse anazikweza mpaka kumapeto, anti-aliasing ili pa 8x, pomwe makinawo ndi aja ogula ogwiritsidwapo kale ntchito a Intel HD Graphics opanda graphics card yapayokha. Zimandimvetsa chisoni chifukwa munthu amayamba kuganiza zogulitsa makina abwinobwino pomwe vuto ndi setting imodzi.

Sikirini yanu ndi timabokosi ting'onoting'ono, ma pixel. Ya 1920x1080 ili ndi oposa 2 miliyoni, ya 1366x768 yomwe ili pa ma laputopu ambiri akale ili ndi 1 miliyoni ndi pang'ono. Mzere woimirira kapena wogona umakwana bwino m'timabokosimo koma wopendekera sungathe, umatuluka ngati mano a sowo. Tayang'anani mawaya a magetsi mu GTA V kapena neti ya pagolo mu FIFA kamera ikamayenda, mudzaona m'mphepete mukunthunthumira, kuthwanimathwanima. Anti-aliasing imasakaniza mitundu m'mphepetemo kuti diso lione mzere wosalala. Ntchito yake ndi imeneyo basi, siwonjezera liwiro, ndipo mitundu yambiri ya anti-aliasing imachita kulidya.

SSAA ndi yolemera kuposa zonse, imajambula chithunzi chachikulu kenako n'kuchichepetsa, pa laputopu ya kuofesi musayerekeze. MSAA, ija mumaona 2x, 4x, 8x, imalimbana ndi m'mphepete mwa zinthu mokha ndiye ndiyopepukako ndipo chithunzi chimakhala chakuthwa bwino, koma imadya memory ya graphics kwambiri komanso pa udzu ndi masamba a mitengo sithandiza kwenikweni. Kuchoka pa 4x kupita pa 8x anthu ambiri kusiyana sakuona n'komwe, koma ma fps, chiwerengero cha zithunzi zomwe gemu ikuonetsa pa sekondi imodzi, amagwa ndithu.

FXAA inachokera ku Nvidia ndipo ndi imene ndimawaikira anthu ambiri. Iyoyo imadikira chithunzi chithe kujambulidwa kenako imangopaka pamene yaona mano aja, mtengo wake pa liwiro ndi wochepa zedi. Choipa chake chithunzi chimafewa pang'ono, zolemba zing'onozing'ono zimatha kuoneka ngati zachita chifunga. Gemu ikakhala ndi SMAA sankhani imeneyo, imagwira ntchito mofanana koma siifewetsa kwambiri.

TAA ili m'magemu ambiri atsopano, imatenga zithunzi zomwe zangodutsa kumene n'kuziphatikiza ndi chatsopano. Kuthwanima kuja imakuthetsa bwino kwambiri, pamenepo ndimaiyamikira, koma chinthu chikamathamanga chimasiya kamthunzi kumbuyo ndipo pa resolution yotsika, kutanthauza ma pixel ochepa, gemu yonse imaoneka ngati yachita chifunga. Za DLSS, njira ya Nvidia yokuza chithunzi, musavutike nazo ngati graphics card yanu si ya Nvidia RTX. FSR ya AMD, yomwe inatuluka mu 2021, imagwira pa makadi a makampani enanso ndipo imathandiza liwiro chifukwa gemu imajambulidwa pa resolution yotsika kenako n'kukuzidwa.

Ndiye mutani? Choyamba ikani resolution yeniyeni ya sikirini yanuyo, chifukwa kutsitsa resolution kenako n'kuyatsa MSAA 4x ndi kungozunza makina pachabe. Kenako zimitsani anti-aliasing yonse, yatsani kowerengera fps (pulogalamu ya magemu ya Steam ili nako, kapena pulogalamu ya MSI Afterburner), sewerani pang'ono muone nambala. Mukatero yatsani FXAA muonenso. Muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi, osati zitatu pakamodzi, apo ayi simudziwa chomwe chathandiza. Ngati gemu ya mpira ikuyenda pa 60 fps popanda MSAA koma ikugwera pa 30 mukaiyatsa, ine ndinganene kuti izimitseni, pasi yochedwa imakuluzitsa gemu, neti ya mano ayi.

Komanso kutentha kwa mu Okutobala kuno ndi fumbi lathuli si zamasewera. Makina akatentha kwambiri amadzichepetsera okha liwiro kuti asapse, ndiye setting yomwe imayenda bwino m'mawa wa mu Juni itha kumadukiza masana a chilimwe, makamaka laputopu ili pabedi fani yatsekeka. Inu amene muli ndi malo osewerera magemu ku Kawale, ku Area 25 ndi kwina, ngati kompyuta mwailumikiza ku TV ndi HDMI ndipo anyamata akukhala patali ndithu, FXAA kapena MSAA 2x yakwana, ndipo fani muziipukutitsa fumbi isanayambe kulira.