Mabatire awiri pa boti, ACR pakati: chaja muikole pati?

Funso limeneli ndalimva kambirimbiri kwa eni maboti moti pena ndimayankha munthu asanamalize kufunsa. "Amisiri, boti langa lili ndi mabatire awiri ndipo pakati pake munandiikira ka ACR kaja, ndiye ndikafika pa doko chaja ndikole pa batire liti, kapena ndigule chaja ya nthambi ziwiri?" Ena mpaka amamasula mawaya madzulo aliwonse kuti atchaje limodzilimodzi, kudzivutitsa chabe, mapeto ake manati a pa batire amatha mano.

Ka ACR kameneka, ena amati VSR, ndi ka relay, ndiye kuti kaswichi kodziyatsa ndi kudzizimitsa kokha, kokhala pakati pa pozitivu wa batire la sitata ndi pozitivu wa batire la zipangizo, lija lodyetsa magetsi, wailesi, GPS, pampu ndi furiji ngati muli nayo. Ndipo kalibe nzeru zambiri ayi. Sikadziwa kuti injini ikulira, sikadziwa kuti mwakola chaja, za sola sikazidziwanso, kamangomva ma volt basi. Batire la asidi lodzaza bwino likapuma limakhala pa 12.6 kapena 12.7, ndiye kakaona ma volt adutsa 13 kamadziwa kuti pali china chake chikuthira moto, kamalumikiza mabatire onse awiri kuti adyere limodzi. Ma volt akatsika kamawalekanitsa kuti furiji isakudyereni moto wolizira injini. Mwachitsanzo ka Blue Sea Systems ka ma amp 120 kamalumikiza kakaona 13.0 kwa masekondi 90 kapena 13.6 kwa masekondi 30, ndipo kamalekanitsa ma volt akatsika pansi pa 12.75 kwa masekondi 30, kapena pansi pa 12.35 kwa masekondi 10 okha. Amakampani ena manambala amasiyanako pang'ono, werengani kapepala kobwera nako, musamakataye kaja.

Muli pamadzi palibe nkhani. Alternator, chija chopanga magetsi injini ikamalira, imatulutsa ma volt a pakati pa 13.8 ndi 14.4, kakanthawi pang'ono ka nyale ka pa ACR kayaka, onse akudya. Kungoti injini zing'onozing'ono zakumbuyo zija zimapereka ma amp ochepa zikamalira pang'onopang'ono, ndiye musayembekezere kuti kuzungulira theka la ola kudzadzitsa batire lomwe lagwira ntchito usiku wonse.

Nkhani ili pa doko. Ngati mabatire anu ndi amtundu umodzi ndipo ACR yanu ndi yomva ma volt a mabatire onse awiri, chaja ya nthambi imodzi ndiyokwana, ndipo muikole pa batire la zipangizo osati la sitata. Chifukwa chake nchosavuta: la njala ndi limenelo. Kuliza injini kumakoka moto wamphamvu inde koma kwa masekondi awiri atatu, batire la sitata limabwerako lili lokhutabe, pomwe linzake lagwira ntchito tsiku lonse. Mukayambira pa la njalalo ma volt amakwera pang'onopang'ono, likafika pa 13 ACR imaitana linzake lija lomwe silifuna zambiri, zonse zimayenda mwakachetechete.

Mukatembenuza ndi pomwe pamabwera phokoso. Bambo wina anabwera m'mawa maso ali gwa, akuti sanagone, relay yafa, usiku wonse imangoti tha! kenako zii, tha! kenako zii. Nditatsegula chivundikiro ndinapeza ka chaja ka ma amp 6 kataluma batire la sitata, uku batire lalikulu la zipangizo mita yoyezera ma volt ikuwerenga 11.9. Ndinawauza kuti bambo taimani apa muyang'ane mita. La sitata likukwera, 13.2, 13.6, relay tha, yalumikiza, pomwepo manambala aja phwa kutsika chifukwa chimbatire chanjalacho chikuyamwa zonse kuposa zomwe ka chaja kangapereke, relay yalekanitsa, la sitata layambanso kukwera, kubwereza zomwezo mpaka kucha. Relay inalibe vuto, imachita ndendende zomwe anaipangira. Tinangosuntha timano ta chaja kupita pa batire linalo, phokoso linathera pomwepo, ndipo chakumadzulo ka nyale kanayaka kokha nkukhala choyaka. Anachita manyazi pang'ono bambo aja chifukwa anali atafunsa kale mtengo wa relay yatsopano.

Nanga amene muli kale ndi chaja ya nthambi ziwiri, ija yomangirira m'boti? Chaja yotero anaipanga kuti nthambi iliyonse izisamala batire lake, kuliyeza, kulithira mwamphamvu, kenako kuchepetsa likadzaza. Tsono ma volt akangodutsa 13 ACR imalumikiza, ndipo nthambi ziwiri zija zimapezeka zikuthira mu batire limodzi lalikulu, iliyonse ikuwerenga ma volt a inzake. Nthawi zambiri palibe chopsa, musaope, koma chaja zina zimasokonezeka, nthambi imodzi imaganiza kuti ntchito yatha isanathe kapena imayatsa nyale yofiira pachabe, ndipo ndalama yomwe munawonjezera kuti batire lililonse lizisamalidwa palokha ndiye yangolowa m'madzi. Mankhwala ake ndi kaswichi kakang'ono pa kawaya kowonda ka negativu ka ACR, mukadula pamenepo relay imagona, chaja nkugwira ntchito yake bwinobwino. Koma ine kaswichi kameneka sindikakonda kwenikweni, anthu amaiwala kukayatsanso ponyamuka, tsiku lonse batire la zipangizo osalandira kanthu kuchokera ku injini, kenako foni kwa ine kuti wailesi yazima. Mukaika lembani chikwangwani pafupi ndi kiyi.

Pali nthawi yomwe ACR imakaniratu dala. Batire limodzi likatsika kwambiri, pa ka Blue Sea kaja ndi pansi pa 9.5, siilumikiza ngakhale chaja ithire bwanji mbali inayo, ikuteteza batire labwino komanso mawaya. Pamenepo lotheratulo litchajeni palokha, ndipo chaja zambiri zamakono nazonso zimakana batire lotsika chonchi, zimaliona ngati palibe. Kunena zoona batire lomwe lafika pamenepo kawirikawiri silibwereranso mwakale. Choopsa china ndi batire lomwe selo imodzi yafa, likapuma limakhala cha pa 10.5, ndipo ACR imabisa matenda amenewa chifukwa akalumikizana mita imaonetsa nambala imodzi pa onse awiri. Ndiye pofuna kudziwa thanzi la batire chotsani chaja, dikirani relay ilekanitse, apume maola angapo, kenako yezani lililonse palokha. Ka nyale kakapitiriza kuyaka mutazimitsa injini musadabwe, ndi moto wapamwamba chabe womwe umatsalira, yatsani magetsi kwa mphindi zingapo, ma volt atsika ndipo kazima.

Za lithium ndinene mosapsatira. Batire la lithium la mtundu wa LiFePO4 likapuma limakhala cha pa 13.3, kutanthauza kuti ACR wamba imaona ngati pali chaja nthawi zonse, siilekanitsa, ndiye ntchito yomwe munaigulira palibenso. Kuwonjezera apo lithium imayamwa ma amp ambiri mosatopa moti alternator imatha kutentha mpaka kupsa. Pamenepo pamafunika chaja ya DC-DC, yotenga moto ku batire la sitata nkuthira mu linzake ndi muyezo, osati relay iyi. Kusakaniza batire la asidi wamadzi ndi la AGM, lija la asidi lomata losathira madzi, zimatheka chifukwa ma volt awo ndi oyandikana, koma la gel nlosachedwa kupweteka ndi ma volt okwera, ndingakonde likhale ndi chaja yakeyake.

Swichi yaikulu yosankhira batire ija, yolembedwa 1, 2, BOTH, nayo imasokoneza anthu. Mukaisiya pa BOTH mwawalumikiza nokha ndi dzanja, ACR ilibenso chonena, mabatire onse adzathera limodzi. BOTH kapena COMBINE ndi ya tsiku la tsoka lomwe la sitata lakana, mwaliza injini, mwabwezera. ACR yokha siingakulizireni injini, batire likafooka iyo imakhala italekanitsa kale. Ndipo musayerekeze kupititsa swichiyo pa OFF injini ikulira, ma diode a alternator amatha kupsa nthawi yomweyo. ACR ndi chaja zilumikizidwe ku mbali ya mabatire, osati kuseri kwa swichi, kuti ngakhale mwazimitsa zonse popita kunyumba kutchaja kuzipitirira.

Mawaya opita ku ACR akhale onenepa molingana ndi ma amp a alternator, ndipo fyuzi ikhale mbali zonse ziwiri chifukwa kumapeto kulikonse kuli batire, malamulo a ABYC, bungwe la ku America loona za maboti, amati pasapitirire mainchesi 7 kuchokera pa batire, cha m'ma sentimita 18. Ndaonapo waya wopanda fyuzi utakhuzika pa chitsulo, pulasitiki yake inasungunuka ngati kandulo. Chaja ya galimoto ya timano ija pa boti la petulo ndimakaniza, imathetheka, pomwe pansi pa boti pamabisala mpweya wa petulo komanso batire likamatchaja limatulutsa hydrogen. Ngati palibiretu ina, tsegulani zivundikiro padutse mphepo, kolani timano kaye ndipo pulagi ya kukhoma ikhale yomaliza, pochotsa muyambe ndi pulagiyo.

Kuti mutsimikize kuti zanu zili bwino tengani mita mawa, yezani mabatire onse chaja isanayake, mwina mupeza 12.6 ndi 12.2. Yatsani chaja pa la zipangizo nkudikira, lokhalo ndi lomwe likwere poyamba. Likadutsa 13 mumva ka tha kamodzi, nyale yayaka, yezaninso. Manambala awiriwo akhale pafupifupi ofanana, akasiyana ndi theka la volt kapena kuposa yambani ndi fyuzi ndi manati, nthawi zambiri mupeza ndi dzimbiri lobiriwira lija labisala pansi pa nati.