Wapolisi sasankha ntchito potengera chikhulupiriro chake

Amalawi ambiri kuno ku Johannesburg timaganiza kuti wapolisi akhoza kukana ntchito imene mtima wake sukugwirizana nayo, monga kulondera chionetsero cha Johannesburg Pride, cha anthu ogonana amuna kapena akazi okhaokha, ngati mpingo wake umadana nacho. Si choncho ayi. Gawo 47 la lamulo la apolisi la 1995 limati azimvera akuluakulu ake. Chokhacho chimene ayenera kukana ndi kutumidwa zophwanya malamulo moonekeratu, monga kumenya munthu womangidwa. Gawo 199 la malamulo oyendetsera dziko la South Africa likuteronso.

Ufulu wachipembedzo ali nawo ndithu, ndipo akhoza kupempha kusinthana ntchito ndi mnzake, koma abwana akakana, apite basi. Zimenezi zikutikhudza kwambiri ife obwera: wapolisi wosakonda alendo alibe mphamvu yokana kukutsegulirani mlandu mukaberedwa.