Galimoto ya mpikisano siuma paliponse

Ambiri amaganiza kuti galimoto ya mpikisano imathamanga bwino ikauma paliponse, masipuling'i ali gwa ngati mwala. Ayi ndithu. Chofunika kuuma ndi chassis, chimango chomwe chimanyamula injini ndi miyendo ya matayala. Chimangochi chikamapindika pokhota, chimasanduka sipuling'i ina yosalamulirika, moti amakaniko angasinthe zotani, galimotoyo simva. N'chifukwa chake mu 1981 katswiri wopanga magalimoto, John Barnard, anapangira galimoto ya mpikisano yotchedwa McLaren MP4/1 chimango cha carbon fibre, chipangizo chouma kwambiri koma chopepuka.

Masipuling'i akauma mopitirira, tayala limangodumphadumpha pa mabampu, ndipo tayala lomwe lili m'malere silingakhote kapena kugwira buleki. Mu mpikisano wa magalimoto wa Formula 1 amawaumitsa mokakamizika chabe, kuopa kuti mphepo ikamakanikizira galimoto pansi, mimba yake ingakhule msewu.